Ntcheu: Dziko, Anthu Ake ndi Mibadwo Yawo

M'nkhani zathu za mbiri ya maboma a dziko lino, lero tafika ku Ntcheu. Tikamba za m'mene anthu a boma limeneli anafikira pamene ali lero, za kuchuluka kwawo monga momwe akalembera anawaŵerengera, ndiponso za mabuku ndi anthu amene asunga maina a makolo awo. Inu a maboma ena musatseke wailesi poganiza kuti nkhaniyi ndi ya Angoni okha, pakuti funso limene likuvuta mwana wa kwa Njolomole likuvutanso mwana wa kwa Kyungu ndi wa kwa Tengani. Funsolo ndi ili: kodi agogo a agogo anu anali yani, ndipo dzina lawo linalembedwa pati?

Boma la Ntcheu ndilo lomaliza kummwera kwa Chigawo cha Pakati. Kumpoto lichita malire ndi Dedza, kummaŵa ndi Mangochi ndi Balaka, kummwera ndi Neno, ndipo kumadzulo konse ndi dziko la Mozambique. Kukula kwake ndi masikweya kilomita oposa 3,000. M'kati mwake muli ngati maiko aŵiri. Kuli kumtunda kozizira kwa Tsangano, Lizulu ndi Mlanda, kumene kumachokera kachewere, kabichi ndi nyemba zodyetsa mizinda yathu. Kulinso kuchigwa kotentha kwa Bwanje ndi Livulezi, kumene anthu amadalira chimanga ndi thonje. Amene anayendapo pa msewu waukulu wochokera ku Lilongwe kupita ku Blantyre adziŵa kuti pakati pa Dedza ndi Ntcheu, pamtunda wautali ndithu, msewuwo ndiwo malire: dzanja lina ndi Malaŵi, dzanja lina ndi Mozambique. Musaiŵale za malire ameneŵa, chifukwa abweranso kangapo m'nkhani yathu.

Eni dziko oyamba amene makolo amawakumbukira ndi Akafula, anthu aafupi osaka nyama, amene zina mwa zojambula zawo zikuonekabe m'mapanga a Chongoni ku Dedza. Pambuyo pawo panafika Amaravi, makolo a Acheŵa, Anyanja ndi Amang'anja, amene mfumu yawo Kalonga inakhazika likulu lake ku Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka. Dziko limene lero tikulitcha Ntcheu linali pakhomo penipeni pa ufumu umenewo. Anthu ake anali a mafuko a Phiri, Banda, Mbeŵe, Mwale ndi ena, ndipo ankaŵerenga ubale kudzera kwa mai. Mwana anali wa mbumba ya amalume ake, mwamuna ankakakhala chikamwini kwa mkazi, ndipo munda ndi ufumu zinkagwera mwana wa mlongo.

Zinthu zinatembenuka m'zaka za m'ma 1800, pamene nkhondo za m'nthaŵi ya Shaka zinabalalitsa mitundu ya kummwera kwa Africa. Ambiri timadziŵa za Zwangendaba, amene anaoloka Zambezi mu November 1835, tsiku limene kadamsana anagwira dzuŵa. Koma Angoni a ku Ntcheu si a gulu limenelo ai. Iwo ndi a kwa Maseko, amene anayenda ulendo wawo padera. Motsogozedwa ndi Mputa, anakhalako kanthaŵi kufupi ndi phiri la Domwe, kenaka anaoloka Shire nakwera cha kummaŵa kwa nyanja mpaka ku dera la Songea, m'dziko limene lero ndi Tanzania. Kumeneko anakangana ndi Angoni anzawo, Mputa anafera komweko, ndipo mbale wake Chidyaonga ndiye anabweza mtunduwo, nafika nawo ku Domwe cha m'ma 1870. Chidyaonga anali wongosungira mpando. Atamwalira, ufumu unabwerera kwa Chikuse, mwana wa Mputa, amene asilikali ake anafika mpaka kumapiri a Blantyre mu 1884.

Apa m'pamene nkhani ya mibadwo inayamba kukhetsa mwazi. Chifisi, mwana wa Chidyaonga, anaona kuti nayenso ndi woyenera mpando, popeza atate ake analamulirapo. Chikuse ndi Chifisi onse anamwalira mu 1891, ndipo mkanganowo unagwera ana awo, Gomani ndi Kachindamoto. Atamenyana zaka zingapo, Kachindamoto anatsikira kunyanja nakakhazikika ku Mtakataka, kumene ufumu wake ulipo mpaka lero m'boma la Dedza. Chaka chomwecho cha 1891, Angerezi ndi Apwitikizi anasainirana pangano logaŵana dziko. Mzere umene anaulemba pamapu unadula ufumu wa Maseko pakati: Domwe anatsalira kwa Apwitikizi, m'dera limene mpaka lero likutchedwa Angonia, ndipo midzi ina inagwera kwa Angerezi. Panalibe amene anafunsa eni ake. Ndicho chifukwa chake mabanja ambiri a ku Lizulu, Biriwiri ndi Tsangano ali ndi manda a makolo awo kutsidya kwa msewu, m'dziko lina.

Gomani woyamba sanakondwe kuona anyamata ake akupita kukagwira ntchito kwa Azungu, kapena kumva kuti mfumu ngati iye ipereke msonkho kwa alendo. Mu October 1896 ankhondo ake anathira nkhondo midzi yoyandikana ndi mishoni za Zambezi Industrial Mission. Boma la atsamunda linatumiza asilikali kuchokera ku Zomba, ndipo pa 27 October 1896 Gomani anaphedwa cha ku Dombole. Ufumu wa Maseko unakhala ngati wazima, kufikira pamene mwana wake Philip Gomani anavomerezedwa mu 1921. Lamulo la 1933 lokhazikitsa mafumu oweruza ndi oyendetsa madera awo linaulimbitsa ufumuwo, ndipo likulu lake linali ku Lizulu. Philip Gomani yemweyo ndiye anakana Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland mu 1953, nauza anthu ake kuti asamvere malamulo ena a boma. Atsamunda anamchotsa paufumu. Iye, ali wodwala, anathaŵira ku Angonia pamodzi ndi mbusa wa Chingerezi Michael Scott, koma Apwitikizi anawabweza, ndipo mfumuyo inamwalira mu 1954 ku chipatala cha Malamulo, kutali ndi kwawo. Pambuyo pake mpandowo unafika kwa Willard, Gomani wachitatu; kwa Kanjedza, Gomani wachinai, amene anamwalira mu 2009; ndi kwa Mswati, Gomani wachisanu, amene anavekedwa ufumu mu 2012.

Mwamva mndandanda umenewu: Mputa, Chikuse, Gomani, Philip, Willard, Kanjedza, Mswati. Maina ameneŵa akudziŵika chifukwa anali ndi owasunga. Pabwalo la mfumu ya Chingoni pankakhala munthu wotamanda, amene ntchito yake inali kutchula makolo a mfumu mmodzimmodzi pamaso pa anthu. Pambuyo pake panabwera olemba. Margaret Read anakhala pakati pa Angoni m'zaka za m'ma 1930, nafunsa akuluakulu amene anaona nkhondo ndi maso awo, ndipo buku lake, The Ngoni of Nyasaland, linatuluka mu 1956. Koma mafumu ndi oŵerengeka. Nanga khamu lija limene linkasenza katundu, kulima minda ndi kubereka ana, analisunga ndani?

Tiyenera kudziŵa kuti Angoni enieni ochokera kummwera, a mafuko onga Maseko, Ngozo, Nzunga ndi Phungwako, anali ochepa. Unyinji wa anthu a Chikuse unali wa ogwidwa panjira ndi wa eni dziko amene anagonja, makamaka Acheŵa ndi Antumba. Ankhondo anakwatira akazi a kuno, ndipo ana anayamwa chilankhulo cha amai awo. Motero Chingoni chinazilala, nkutsalira m'nyimbo za ngoma ndi m'maina, ndipo Chicheŵa ndicho chinakhala chilankhulo cha pakhomo. Lero anthu ambiri a ku Ntcheu amadzitcha Angoni, koma m'midzi yambiri ukwati ndi wachikamwini ndipo munda umatsata mai, pamene ufumu waukulu umatsata bambo. Wofufuza mbiri ya banja lake ku Ntcheu ayenera tsono kutsata mitsinje iŵiri, wa kuchimuna ndi wa kuchikazi. Akatsata umodzi wokha, wataya theka la makolo ake.

Tsopano tione za chiŵerengero. Atsamunda anayamba kuŵerenga anthu chifukwa cha msonkho wa nyumba, umene m'zaka za m'ma 1890 unali mashileni atatu pachaka. Kalaliki wa msonkho ankalemba mwini nyumba, mudzi wake ndi mfumu yake. Ana sanali kuwasamala. Ndipo popeza kulembedwa kunali kuitana msonkho, ambiri ankabisala kuthengo kapena kudumphira kutsidya kwa malire akamva kuti kalaliki wayandikira. Makalembera a 1911, 1921, 1926, 1931 ndi 1945 anadalira kwambiri mabuku a msonkho ndi mawu a anyakwaŵa, kotero kuti manambala ake ndi ongoyerekeza. Wa 1945 anapeza anthu opitirira pang'ono 2 miliyoni m'dziko lonse la Nyasaland.

Kalembera woyamba woyenda khomo ndi khomo anachitika mu 1966, dziko litalandira kale ufulu, ndipo anapeza anthu opitirira pang'ono 4 miliyoni. Kuyambira pamenepo manambala a Ntcheu akulankhula momveka. Mu 1977 bomali linali ndi anthu pafupifupi 226,000. Mu 1987 anafika pafupifupi 359,000. Mu 1998 anali pafupifupi 371,000, mu 2008 pafupifupi 472,000, ndipo mu 2018 pafupifupi 660,000.

Womvetsera mwatcheru waona kale chodabwitsa. Pakati pa 1977 ndi 1987 anthu anaonjezeka ndi oposa 130,000, koma pa zaka 11 zotsatira anangoonjezeka ndi 12,000 okha. Kodi amai a ku Ntcheu analeka kubereka? Iyai. Yankho lili pamalire paja. Nkhondo ya pachiŵeniŵeni ya ku Mozambique itakula, makamaka kuyambira mu 1986, anthu a ku Angonia ndi Tsangano wa kutsidya anathaŵira kuno, ndipo kalembera wa 1987 anawapeza ali m'midzi ya Ntcheu. Ambiri sanafike ngati alendo. Anafika kwa amalume, kwa azakhali ndi kwa apongozi awo. Pofika 1992 dziko la Malaŵi linali kusunga othaŵa kwawo oposa 1 miliyoni. Pangano la mtendere litasainidwa ku Rome mu October 1992, ambiri anabwerera, ndipo kalembera wa 1998 anapeza malo awo ali opanda anthu. M'zaka zomwezo matenda a Edzi anatenganso anthu ambiri a msinkhu wobereka. Nambala payokha siinena zonse. Ifunika munthu wodziŵa mbiri kuti aimasulire.

Koma chachikulu chimene manambalaŵa akutiuza ndi ichi: pa zaka 41, anthu a ku Ntcheu anachuluka pafupifupi katatu, pamene dziko silinakule ndi phazi limodzi lomwe. Mu 1977 pa sikweya kilomita imodzi pankakhala anthu osapitirira 70. Mu 2018 anali pafupifupi 200. Munda umene agogo ankalima okha, lero adzukulu khumi akuuloza chala. Pamene malo achepa, milandu ichuluka, ndipo mlandu wa munda kapena wa unyakwaŵa ukafika pabwalo la Kwataine, Ganya, Makwangwala, Champiti, Mpando kapena Phambala, funso loyamba limakhala lomwe lija: unabadwa kwa yani, ndipo amene anakubalayo anabadwa kwa yani? Mwana wamasiye wosadziŵa kuyankha amatuluka pabwalo chimanjamanja.

Nanga mayankho angapezeke kuti? Poyamba, m'mabuku a mipingo. A Livingstonia Mission anatsegula malo ku Livulezi m'zaka za m'ma 1880, nawapereka pambuyo pake kwa a Dutch Reformed Church, amene anatsegulanso Mlanda mu 1902. A Zambezi Industrial Mission anali ku Ntonda, Chiole ndi Dombole, ndipo a Baptist Industrial Mission anali ku Gowa. Mu July 1901 ansembe atatu a chipani cha Montfort anafika kwa Njobvuyalema nayambitsa mishoni ya Nzama, imene ndi mishoni yoyamba yokhazikika ya Akatolika m'dziko lino. Mipingo imeneyi inkalemba obatizidwa, okwatitsidwa ndi omwalira. Buku la ubatizo kaŵirikaŵiri limatchula dzina la mwana, la bambo, la mai ndi la mudzi, kotero kuti tsamba limodzi likhoza kukupatsani mibadwo iŵiri nthaŵi imodzi. Kwa mabanja ambiri, limeneli ndilo pepala loyamba pamene dzina la kholo lawo linalembedwa.

Kachiŵiri, kuli nyumba yosungira zolembedwa za boma, National Archives of Malawi, ku Zomba, imene inayamba mu 1947. Kumeneko kuli mabuku amene mabwana a maboma ankalembamo za mafumu, midzi ndi mafuko, malipoti a pachaka, ndi zolembedwa za milandu. Wokafufuza kumeneko akumbukire kuti atsamunda ankalemba dzina la bomali kuti Ncheu. Akumbukirenso kuti moto umene unatentha maofesi aakulu a boma ku Zomba mu 1919 unapsereza mapepala ambiri a zaka zoyambirira, za nthaŵi yomwe ija ya Gomani woyamba.

Za mtundu wachitatu, ziphaso za kubadwa, n'zatsopano kwa ife. Lamulo la 1904 linkakakamiza Azungu ndi Amwenye okha kulembetsa ana obadwa ndi anthu omwalira. Mwafirika ankabadwa ndi kufa boma osalemba. Lamulo lokakamiza aliyense linakhazikitsidwa mu 2010, niliyamba kugwira ntchito mu 2015, ndipo mu 2017 bungwe la National Registration Bureau linalemba anthu oposa 9 miliyoni kuti alandire ziphaso za unzika. Pa ntchito imeneyo, anthu a m'malire anaona okha kufunika kodziŵa makolo, popeza munthu ankafunsidwa za mai ake, bambo ake, mudzi ndi mfumu yake.

Komabe tisaganize kuti chilichonse cholembedwa n'choona. Munthu mmodzi ankakhala ndi maina angapo: la ubwana, la kuchinamwali, la ubatizo, ndi lina limene anadzipatsa kapena kupatsidwa ku Joni kapena ku Halale. Amuna ambiri a ku Ntcheu anapita kumigodi ndi kuminda ya kummwera kudzera ku Wenela, ku Mthandizi, kapena paokha, ndipo ena anasanduka matchona, nafera kumeneko ndi maina amene kwawo sawadziŵa. Azungu nawonso ankalemba maina athu monga momwe khutu lawo linamvera. Palinso mwambo wathu woloŵa dzina: woloŵa ufumu amatenga dzina la womwalirayo, kotero kuti dzina limodzi m'buku likhoza kukhala anthu atatu kapena anai otsatizana. Pakamwa napo pali zake. Pamene pali mkangano, munthu amakumbukira makolo omuthandiza mlandu, naiŵala omutsutsa. Wofufuza wanzeru amaika buku pambali pa mawu a akulu, naona pamene zikugwirizana.

Nthaŵi yochitira zimenezi ndi yochepa. Kalembera wa 2018 anaonetsa kuti theka la Amalaŵi linali la ana osafika zaka 18, ndipo a zaka 65 kapena kuposa sanali kufika 4 pa anthu 100 alionse. Amene anaona njala ya 1949 ali ozindikira, lero ali ndi zaka zoposa 80. Mabuku a m'mipingo nawo ali ndi adani awo: chiswe, mbeŵa ndi denga lodontha.

Tsono pempho lathu kwa inu omvera, makamaka aphunzitsi, ana a sukulu ndi alembi a mipingo, ndi ili. Gulani kope limodzi. Pitani kwa agogo aakazi, kwa amalume ndi kwa azakhali, aliyense payekha, pakuti pagulu wamng'ono amaopa kutsutsa wamkulu. Pitani mwaulemu, osati ngati wapolisi, ndipo musafulumire. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Lembani maina onse a munthu aliyense, mfunda wake, mudzi umene anabadwira, kumene anakwatira ndi kumene anaikidwa. Mfunda ndi wofunika koposa, chifukwa dzina limasintha koma Nangozo amakhalabe Nangozo, Naphiri amakhalabe Naphiri. Akulu akapanda kudziŵa chaka, afunseni chimene chinkachitika pa nthaŵiyo: nkhondo ya Jeremani ya 1914 mpaka 1918, pamene amuna anatengedwa utengatenga, mliri wa fuluwenza wa 1918, njala ya 1949, kugwidwa kwa Gomani mu 1953, chipwirikiti cha March 1959, ufulu wa 1964, kapena kubwera kwa kwacha ndi tambala mu 1971. Akalembera enieniwo ankapeza zaka za anthu m'njira yomweyi. Aŵiri akasiyana mawu, lembani zonse ziŵiri, ndi dzina la amene wanena, ndi tsiku limene wanena. Mukatha, kopani kope lachiŵiri mukasungitse kwa mbale wina, ndipo amene muli ndi foni zojambula, jambulani tsamba lililonse.

Kwa abusa ndi ansembe tikuti, tulutsani mabuku akale aja m'makatoni, muwaike pouma, ndipo wobwera kudzafunsa za makolo ake mumthandize. Kwa mafumu tikuti, kaundula wa m'mudzi asamangotsegulidwa pa nthaŵi ya makuponi. Mwana akabadwa alembedwe, munthu akamwalira alembedwe. Kwa makolo tikuti, lembetsani ana anu kuti alandire chiphaso cha kubadwa, chimene agogo anu sanapatsidwe mwai wokhala nacho.

Akulu anati mawu a akulu akoma akagonera. N'zoona, koma amagonera pokhapokha pali wina amene anawamva nawasunga. Ana a Mputa akudziŵa makolo awo kufikira mibadwo isanu ndi iŵiri chifukwa panali anthu amene anaiyesa ntchito yawo kutchula mainawo. Banja lanu nalonso likusoŵa munthu wotero, ndipo safunika kukhala wophunzira kwambiri. Afunika kope, pensulo ndi khutu lomva.